Momwe mungasankhire tayala logwirizana ndi limu: njinga yakapalasa ndi galimoto

Munthu amapita kumsika n'kuuza wogulitsa kuti akufuna tayala la njinga la 28. Wogulitsa amatsitsa tayala lolembedwa 28 bwinobwino, ndalama n'kulipira. Kufika kunyumba, tayala likukana kulowa pa limu, kapena lalowa mosavuta kwambiri moti atangopopa pang'ono mlomo wake wadumpha, chubu phuu! Eni magalimoto nawo akulira chimodzimodzi. Tayala lalowadi, koma pasanathe miyezi ingapo ladyeka pakati pokha, likukhula kumadigadi pokhota, kapena latupa m'mbali. Nthawi zambiri tayalalo silikhala loipa ayi, limangokhala kuti lavekedwa pa limu yomwe si yake.

Miyeso yofunika ilipo iwiri. Woyamba ndi m'mimba mwake, kutanthauza kukula kwa bwalo la limu pamene mlomo wa tayala umakhala. Pamenepa palibe kunenerera: nambala ya tayala ndi ya limu ziyenera kufanana ndendende. Wachiwiri ndi m'lifupi, kunenepa kwa tayala poyerekeza ndi mpata wa mkati mwa limu. Apa mpata wosankha ulipo, koma uli ndi malire ake.

Zofunika kukhala nazo

- Tepi yoyezera kapena lula yokhala ndi mamilimita
- Kansalu, madzi ndi sopo, chifukwa manambala ambiri amabisika m'matope
- Foni, younikira, yojambulira manambala komanso yowerengera masamu
- Pepala ndi cholembera
- Pa njinga: timasipuni tochotsera tayala, sipanala ya 15 ndi pampu
- Pa galimoto: jeke, sipanala ya manati a tayala, geji yoyezera mpweya, ndi mwala kapena chipika chotsekera matayala ena
- Tayala lakale lija. Musalitaye musanagule latsopano, ngakhale litang'ambika chotani.

Gawo loyamba: njinga yakapalasa

1. Pezani nambala ya mamilimita pa tayala lakale

Tsukani m'mbali mwa tayala, kenako muzungulire pang'onopang'ono mukuunika. Mupeza manambala akuluakulu a mainchesi monga 28 x 1 1/2 kapena 26 x 1.95. Amenewo asiyeni kaye. Funani manambala awiri ang'onoang'ono olekanitsidwa ndi kamzere, monga 40-635, 37-622 kapena 50-559. Kalembedwe kameneka kanakhazikitsidwa ndi bungwe la ku Ulaya la ETRTO, ndipo ndi komwe mungakadalire. Nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala likapopedwa, yachiwiri ndi m'mimba mwa limu, zonse m'mamilimita. Jambulani ndi foni.

Chenjezo: ngati tayala lakalelo linkavuta kulowa, linkagwedera kapena linkaphulitsa machubu pafupipafupi, n'kutheka kuti nalonso silinali la limu imeneyo. Mukatero musadumphe sitepe yachitatu.

2. Dziwani kuti mainchesi a njinga amanamiza

Apa m'pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Matayala awiri angathe kulembedwa inchesi imodzimodzi koma osalowa pa limu imodzi. Omwe amapezeka kwambiri kwathu kuno ndi awa:

- 28 x 1 1/2 ndi 635. Ili ndi la njinga zakuda zija za mabuleki a tizitsulo, monga Hero, Humber ndi Phoenix, zomwe a kabaza ndi onyamula makala amazidalira.
- 28 x 1 5/8 x 1 3/8, 700C komanso 29, onsewa ndi 622. Njinga zambiri za kaunjika zochokera ku Ulaya zili pamenepa.
- 27 x 1 1/4 ndi 630, la njinga zakale za mpikisano.
- 27.5 ndi 584.
- 26 x 1 3/8 nthawi zambiri ndi 590. Limapezeka pa njinga zambiri zochokera ku Japan, zija za kabasiketi kutsogolo.
- 26 x 1.75, 26 x 1.95 ndi 26 x 2.125 ndi 559, la njinga za m'mapiri za magiya.
- 24 x 1.75 ndi 507, ndipo 20 x 1.75 ndi 406, a njinga za ana.

Taonani bwino: 28 alipo awiri, wa 635 ndi wa 622, ndipo akusiyana ndi mamilimita 13. Limu ya 27 ndi yaikulu kuposa 28 wa 622. Pa 26 mpamenenso pali chisokonezo chenicheni, chifukwa 590 ndi 559 akusiyana ndi mamilimita 31. Gwirani ichi: nambala yolembedwa ndi kadontho, monga 1.75, ndi yolembedwa ndi kamzere kopendekera, monga 1 3/4, si tayala limodzi, ngakhale kusukulu anatiphunzitsa kuti masamu ake ndi ofanana.

3. Tsimikizani m'mimba mwa limu

Malimu ena a aluminiyamu amakhala ndi kapepala komatidwa kapena manambala odindidwa pafupi ndi kabowo ka valavu, monga 622x19C kapena 559x21. Mukapeza amenewa ntchito yapepuka, chifukwa yoyamba ndi m'mimba mwake, yachiwiri ndi mpata wa mkati.

Ngati palibe chilichonse, yezani chonchi. Chotsani tayala ndi chubu. Imikani limu pa simenti yosalala, kabowo ka valavu kali pansi penipeni, ndipo mulembe kamzere ndi khala kapena choko. Igudubuzeni molunjika mpaka kabowo kaja kabwerere pansi, mulembenso kamzere. Yezani kuchokera pa mzere woyamba kufika pa wachiwiri, nambalayo muigawe ndi 3.14, kenako muchotsepo mamilimita pafupifupi 12, omwe ndi a makoma awiri a limu. Mwachitsanzo, mukapeza mamilimita 1,990, kugawa ndi 3.14 mupeza 634, kuchotsa 12 mutsala ndi 622.

Chenjezo: msampha uli pa 634 ameneyu. Munthu akayeza kunja kwa limu n'kupeza 634 amasangalala kuti wapeza 635, n'kukagula tayala la 28 x 1 1/2. Tayalalo lidzakhala lokhwepa ndipo lidzadumpha pa limu. Musaiwale kuchotsera. Limu yeniyeni ya 635, yachitsulo ija yokhala ndi kamsana kotukuka pakati pamene masipoko amalowa, ikayezedwa kunja imadutsa 640.

4. Yezani mpata wa mkati mwa limu

Ikani lula mopingasa pamwamba pa limu yopanda tayala. Werengani kuchokera mkati mwa khoma limodzi kufika mkati mwa khoma linalo. Musayeze kunja, pamene labala wa buleki amagwira, chifukwa pamenepo mupeza nambala yokulirapo ndi mamilimita asanu kapena kuposa. Yezani malo awiri kapena atatu. Ngati pena pakusiyana kwambiri ndi pena, limuyo inapindika ndipo tayala lililonse lidzavutikapo.

5. Sankhani kunenepa kwa tayala

Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti m'lifupi mwa tayala mukhale pakati pa kamodzi ndi theka mpaka kawiri ka mpata wa mkati mwa limu. Limu ya mamilimita 19, kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 28, kuchulukitsa ndi 2 ndi 38. Mutha kupitirirako pang'ono osaopa. Malire omwe sakugwetsani m'mavuto ndi awa:

- Limu ya 13: tayala la 18 mpaka 25
- Limu ya 15: tayala la 23 mpaka 32
- Limu ya 17: tayala la 25 mpaka 37
- Limu ya 19: tayala la 28 mpaka 44
- Limu ya 21: tayala la 35 mpaka 50
- Limu ya 25: tayala la 44 mpaka 57

Opanga matayala ena amalola kuika lonenepa kuposa apa, ndipo njinga zambiri za m'mapiri zimabwera ndi tayala la 50 pa limu ya 19. Kwa munthu woyenda yekha wopanda katundu zimatheka ndithu. Koma kwa wonyamula munthu pa kaliyala, thumba la chimanga la makilogalamu 50 kapena mitolo ya nkhuni, ine ndinganene kuti akhale mkati mwa malire ndalembawa. Tayala lonenepa pa limu yopyapyala limatukuka pamwamba koma pansi lafinyika. Mpweya ukachepa pang'ono limapendekera kumbali pokhota, njinga n'kumaterera kumbuyo, ndipo mukalipopa kwambiri kuti lisiye kutero limakankha makoma a limu mpaka kuwatambasula. Mbali yake imang'ambikira pafupi ndi waya, pomwe sipamatika.

Tayala lowonda pa limu yotambalala nalo lili ndi tsoka lake. Limaphwatalala, msinkhu wake umachepa, ndiye mukagunda mwala kapena mphepete mwa tala limu imatsina chubu n'kusiya timabowo tiwiri toyandikana ngati molumidwa ndi njoka. Mukamaona timabowo totere kawirikawiri, musalimbane ndi minga. Vuto ndi mpweya wochepa kapena tayala lowonda.

Pa misewu yathu yafumbi ndi ya mchenga, mukakhala ndi mwayi wosankha pakati pa awiri olowa pa limu yanu, tengani lonenepako.

6. Onani ngati felemu ikulola

Limu ingavomere koma felemu n'kukana. Yezani mpata pa foloko yakutsogolo, pakati pa mipaipi yakumbuyo pafupi ndi mapedulo, pansi pa madigadi ndi pa mabuleki. Pakhale mamilimita osachepera 6 mbali iliyonse ya tayala. Ngati mumayenda m'dothi lamakande nthawi ya dzinja, siyani wochulukirapo, chifukwa matope akamatirira tayala limaima nji, ndipo mchenga wa m'matopemo umadya chitsulo cha felemu.

7. Gulani chubu cha saizi yomweyo

Pa bokosi la chubu pamalembedwa malire ake, monga 47/57-559. Nambala yomaliza ifanane ndi ya limu, ndipo m'lifupi mwa tayala lanu mukhale pakati pa ziwiri zoyambazo. Chubu chachikulu chimapindika mkati n'kubooka pamakwinya, chaching'ono chimatamuka mpaka kupyapyala. Onaninso valavu: yowonda ya mtundu wa Presta imalowa pa kabowo ka mamilimita 6.5, pamene yonga ya galimoto ndi ya Dunlop yomwe tinaizolowera pa njinga zakuda zimafuna 8.5. Musanabwezere, onani lamba wophimba mitu ya masipoko. Ngati waduka, dulani chubu chakale mupange wina.

8. Vekani, popani pang'ono, yang'anani mzere

Lowetsani mbali imodzi ya tayala, ikani chubu chopopedwa pang'ono chabe, kenako mbali inayo ndi manja, kuyambira kutali ndi valavu. Finyirani mlomo wa tayala pakati pa limu pamene pali pozama, ndipo mbali yomalizayo idzalowa. Popani theka. Pafupi ndi mlomo wa tayala pali kamzere kozungulira komwe opanga anaikapo dala. Zungulitsani wilo mukukayang'ana. Kazioneka mofanana kuzungulira konse, mbali zonse ziwiri. Pamene kamira kapena katuluka kwambiri, phwetsani, pakani madzi a sopo, konzani ndi manja, mupopenso. Zikakhala bwino popani kufika pa mpweya wolembedwa pa tayala.

Chenjezo: tayala likamafuna anthu awiri ndi zitsulo zitatu kuti lilowe, kapena likagwera lokha pa limu osakankha n'komwe, imani. Bwererani ku nambala.

Gawo lachiwiri: galimoto

1. Yambani ndi kapepala ka pachitseko

Tsekulani chitseko cha dalaivala muyang'ane pa chipilala chake. Pali kapepala kolembedwa saizi ya tayala ndi mpweya wake. Pa magalimoto ena kali mkati mwa kachitseko ka mafuta. Ngakhale galimoto itachokera ku Japan ndipo mawu ake simungawerenge, manambala amawerengeka. Saizi imeneyi ndiyo maziko anu, osati matayala omwe ali pagalimoto lero, chifukwa mwini wake wakale angathe kukhala atasintha.

2. Werengani tayala

Tengani chitsanzo cha 175/70 R14 84S. Nambala 175 ndi m'lifupi m'mamilimita. Nambala 70 ikutanthauza kuti msinkhu wa mbali ya tayala ndi maperesenti 70 a m'lifupimo. R ndi mtundu wa kapangidwe kake, ndipo 14 ndi m'mimba mwa limu m'mainchesi. Nambala 84 ndi ya katundu: tayala limodzi linganyamule makilogalamu 500. Ikakhala 82 ndi 475, 88 ndi 560, 91 ndi 615. Chilembo chomaliza ndi cha liwiro: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, H ndi 210. Nambala ya katundu isatsike kuposa yomwe ili pa kapepala kaja.

3. Werengani limu

Manambala a limu amabisala. Pa limu yachitsulo amadindidwa pafupi ndi mabowo a manati kapena m'mphepete, pa ya aluminiyamu amakhala kuseri kwa mikono yake. Tsekani matayala ena ndi mwala, masulani manati pang'ono galimoto ili pansi, jekani, chotsani wilo, muitembenuze n'kupukuta fumbi la mabuleki. Mupeza zonga 14x5.5J 45 kapena 6Jx15 ET38. Nambala yokhala ndi J ndi mpata wa mkati m'mainchesi. Inayo, 14 kapena 15, ndi m'mimba mwake, ndipo iyenera kufanana ndi yotsatira R pa tayala. Yomalizayo tiikamba pa sitepe yachisanu ndi chimodzi.

Chenjezo: mukayeza limu ndi tepi kunja kwake mupeza pafupifupi inchesi imodzi yowonjezera. Limu ya 5.5J imaoneka ngati ya 6.5. Ambiri agula matayala otambalala chifukwa cha muyeso wabodza umenewu.

4. Fananitsani m'lifupi

- 5J: abwino ndi 165 ndi 175, malire ake 155 mpaka 185
- 5.5J: abwino ndi 175 ndi 185, malire ake 165 mpaka 195
- 6J: abwino ndi 185 ndi 195, malire ake 175 mpaka 205
- 6.5J: abwino ndi 195 ndi 205, malire ake 185 mpaka 215
- 7J: abwino ndi 205 ndi 215, malire ake 195 mpaka 225
- 7.5J: abwino ndi 215 ndi 225, malire ake 205 mpaka 235
- 8J: abwino ndi 225 ndi 235, malire ake 215 mpaka 245

Matayala afupiafupi m'mbali, omwe nambala yawo yachiwiri ija ndi 50 kutsika m'munsi, salola kusewera kwambiri, choncho kwa iwo khalani pa manambala apakatiwo.

Tayala lotambalala pa limu yopapatiza limakokedwa milomo yake kulowa mkati, ndipo pamwamba pake pamatukuka. Mumalipira labala wambiri koma wogunda pansi ndi wapakati yekha. Limatha msanga pakatipo, galimoto imayandama pokhota, ndipo mbali zake zimatentha chifukwa chopindika kopitirira. Lopapatiza lokokedwa pa limu yotambalala, lomwe achinyamata ena amalikonda chifukwa cha maonekedwe, limasiya mphepete mwa limu pamtunda. Dzenje limodzi la pa msewu wa M1 usiku ndi lokwanira kupinda limu kapena kutulutsa mpweya wonse kamodzin'kamodzi.

5. Werengani msinkhu wa tayala lonse

Sitepe iyi ndi yomwe ambiri amaithawa chifukwa cha masamu, chonsecho ndi mizere itatu pa foni. Chulukitsani m'lifupi ndi peresenti ija, zotsatira zake muchulukitse ndi 2, kenako muphatikize mainchesi a limu ochulukitsidwa ndi 25.4.

Pa 175/70 R14: 175 kuchulukitsa ndi 0.70 ndi 122.5. Kawiri ndi 245. Limu ya 14 ndi mamilimita 355.6. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 601.

Tsopano yesani omwe wogulitsa angakuuzeni kuti "awanso amalowa". La 185/65 R14 limakwana 596, kusiyana kosakwana peresenti imodzi, ndipo ndi labwino. La 185/70 R14 ndi 615, kusiyana kwa maperesenti awiri ndi pang'ono, lingatheke ngati mpata ulipo. La 195/70 R14 ndi 629, kusiyana kwa pafupifupi maperesenti asanu, ndipo lapitirira. Mukafuna kukwera pa limu ya 15, la 185/60 R15 limakwana 603, pafupifupi chimodzimodzi ndi loyamba lija. Kusiyana kusapitirire maperesenti atatu.

Tayala likatalika kuposa pamenepo, wotchi ya liwiro imanama. Pa 195/70 R14 muja, ikamaonetsa 80 inu mukuthamanga pafupifupi 84, ndipo apolisi apamsewu amayeza liwiro lenileni, osati la pa wotchi yanu. Galimoto ya injini yaing'ono imalemedwa pokwera zitunda ndipo tayala limayamba kukhula mukanyamula anthu kumbuyo.

Ndikumvetsa chifukwa chake ambiri amafuna tayala lalitaliko. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ndi otsika, ndipo misewu ya kumudzi imawakanda pansi. Kukweza pang'ono mkati mwa maperesenti atatu aja n'kwanzeru, ndipo tayala la 65 kapena 70 pa limu yaing'ono limapirira maenje kuposa la 45 pa limu yaikulu yonyezimira. Kumbukirani kokha kuti galimoto imakwera ndi theka la kusiyanako: kuchoka pa 601 kufika pa 615 mwapindula mamilimita 7 basi.

6. Ngati mukusinthanso malimu

Pamenepa pali zina zitatu zoti zigwirizane. Choyamba ndi mabowo a manati: kuchuluka kwake ndi bwalo lomwe akhalapo. Vitz ndi Probox ndi 4x100, magalimoto ambiri akuluakulu a ku Japan ndi 5x114.3, Hiace yomwe timaitcha Quantum ndi 6x139.7. Limu ya 5x112 ya magalimoto a ku Germany imaoneka ngati ikulowa pa 5x114.3, koma manati amakhala mopendekera ndipo mabauti amatha kuthyoka. Musalole aliyense kukuza mabowo ndi tupa.

Chachiwiri ndi nambala ya ET ija, yomwe imanena kuti wilo ilowa mkati kapena ituluka kunja motani. Nambala ikachepa wilo imatuluka kunja n'kumakhula madigadi ndi kulemetsa mabeyaling'i, ikakula imalowa mkati n'kumagunda shoko. Khalani pafupi ndi ya limu yoyambirira, kusiyana kwa mamilimita asanu kapena kucheperapo.

Chachitatu ndi bowo lapakati ndi manati. Bowo likachepa wilo siikhala pansi bwino, likakula galimoto imanjenjemera pa liwiro pokhapokha mutaika mphete zodzazira. Malimu a aluminiyamu a Toyota amafuna manati a washala wafulati, pamene achitsulo amafuna osongoka. Kusakaniza ndi kuitana wilo kuti ichoke mumsewu.

7. Yang'anani tayala lenilenilo musanalipire

Makamaka pa matayala a kaunjika. Funani manambala anayi omwe ali m'kabokosi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 3519 ndi sabata ya 35 ya 2019. Tayala lodutsa zaka zisanu ndi chimodzi liyang'anitsitseni ming'alu, lodutsa zaka khumi lisiyeni ngakhale mano ake atakhala ngati atsopano. M'mizere ya tayala muli timapiri ting'onoting'ono ta mamilimita 1.6, ndipo mano akafanana nato tayala latha. Pisani dzanja mkati mumve zigamba. Onani mlomo wake ngati waya sakuonekera. Mukaona chizindikiro cha phiri lokhala ndi kanyenyezi ka chipale, kapena mawu oti studless, limenelo linapangidwira nyengo yozizira ya ku Japan kapena ku Ulaya. Labala wake ndi wofewa ndipo pa tala wotentha wa ku Chikwawa kapena Salima amadyeka msanga.

8. Poveka ndi pomanga

Khalani pomwepo pamene akuveka. Apake madzi a sopo pa mlomo wa tayala, osati oyilo kapena girisi. Aike valavu yatsopano. Pokhazika mlomo mpweya usapitirire 40 psi (psi ndi muyeso wa mpweya womwe umalembedwa pa geji). Ngati sunakhale pamenepo, aphwetse ayambirenso, ndipo pasakhale munthu woweramira tayala likamapopedwa. Kuthira petulo mkati n'kuyatsa moto kuti tayala lidumphire pa limu n'kusewera ndi moyo, kanani.

Pomanga, manati amangidwe modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, osati motsatana. Mukatsitsa jeke, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, mupise dzanja kuseri kwa tayala muone ngati pali pomwe likukhudza. Ikani mpweya wa pa kapepala kaja matayala ali ozizira. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, bwerezani kumanga manati.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kupita kukagula ndi mawu apakamwa okha. "Ndipatseni la 26" kapena "la Corolla" sikokwanira. Tengani chithunzi cha manambala kapena tayala lakale lenilenilo.

Kudula waya wa tayala la njinga kapena kukulunga malamba a chubu pa limu kuti tayala lalikulu ligwire. Limagwiradi pabwalo la okonza njinga, n'kudzavuka potsetsereka muli ndi munthu kumbuyo.

Kuika matayala osiyana saizi kumanja ndi kumanzere pa ekiselo imodzi. Galimoto imakokera mbali imodzi mukaponda buleki. Pa magalimoto oyendera mawilo onse anayi, onse anayi afanane, apo ayi zitsulo zogawa mphamvu zimavutika. Sipeya yowonda ija ndi yongokufikitsani kwa okonza matayala, ndipo siyenera kupitirira makilomita 80 pa ola.

Kupopa kufika pa nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala la galimoto. Imeneyo ndi malire omaliza a tayalalo, osati mpweya woyendera.

Kuika tayala la galimoto yaing'ono pa minibasi kapena pa galimoto ya katundu chifukwa saizi yafanana ndipo mtengo ndi wotsika. Ili ndi lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa okwera sadziwa chomwe chili pansi pawo. Hiace ya Quantum imafuna 195/80 R15 kapena 195 R15 yokhala ndi chilembo C kapena LT, zosonyeza kuti ndi tayala la galimoto ya katundu, ndi manambala awiri a katundu monga 107/105 kapena 106/104. Probox ya katundu nayo inapangidwa kuti iziyenda ndi matayala a LT. Tayala wamba la 195/65 R15 91 limalowa pa limu ya minibasi popanda vuto, koma linganyamule makilogalamu 615 okha, pamene la 106 limanyamula 950.

Kusokoneza malimu a theka pa malole ang'onoang'ono. Ma Dyna ndi ma Canter ena amabwera ndi malimu a 15.5 kapena 17.5, ena a 15 kapena 16, ndipo kuwaona ndi maso amafanana. Tayala la 15 lingakankhidwe mpaka kulowa pa limu ya 15.5, koma mlomo wake sukhala pamalo pake, ndipo wopopa akamawonjezera mpweya kuti ukhale, waya umaduka tayala n'kuphulika pamaso pake. Werengani nambala yodindidwa pa limu iliyonse payokha, kuphatikizapo zamkati za kumbuyo ndi ya sipeya, musanapereke tayala kwa woveka.